Mphunzitsi wa timu sadzimva polankhula

Mwana akataya mpira pa masewero, pamakhala kamphindi kamene aliyense amatembenukira kwa mphunzitsi wa timu. Mwanayo naye amaponya diso komweko, cham'mbali. M'kamphindi kameneko mphunzitsi akhoza kukuwa, akhoza kuwomba m'manja n'kunena kuti palibe kanthu, akhoza kumuuza mwanayo pamene phazi lake likanaponda, kapena akhoza kuyang'ana kwina ngati sanaone. Zonsezi zimatha munthu asanameze n'komwe malovu, ndipo pofika madzulo mphunzitsiyo sakumbukiranso chimene anachita, pamene mwanayo amafika nacho mpaka kunyumba.

Akatswiri awiri a za kaganizidwe ka munthu, Ronald Smith ndi Frank Smoll a pa yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle ku America, ndiwo anaona kuti kamphindi kameneka n'koyenera kukafufuza. M'zaka za m'ma 1970 anaphunzitsa anthu oti azikakhala m'mbali mwa bwalo, pepala ndi cholembera zili m'manja, pa masewero a baseball a ana mu ligi yotchedwa Little League. Anthuwo sankatsata zigoli koma mphunzitsi yekha. Chilichonse chimene wanena kapena kuchita ankachiika m'gulu limodzi mwa magulu 12: kuyamikira mwana akachita bwino, kukhala chete ngakhale mwana wachita bwino, kumulimbikitsa akalakwitsa, kumukonza modekha, kumukonza mokalipa, kumulanga, kunyalanyaza cholakwacho, kukhazikitsa bata, ndi zina zimene mphunzitsi amangoyamba yekha monga kulangiza ndi kucheza. Mwana akaphonya mpira wochokera m'mwamba, wolembayo sankalabadira komwe mpirawo wagubudukira. Ankadikira pakamwa pa mphunzitsi, n'kuchonga pa pepala.

Anachita zimenezi ndi aphunzitsi 51 pa masewero 202, ndipo zimene anachonga zinapitirira 57,000. Ligi itatha anayenda m'makomo kukacheza ndi ana 542 a zaka zapakati pa 8 ndi 15, kuwafunsa mmene mphunzitsi wawo ankachitira komanso ngati angakonde kudzaseweranso m'timu yake. Aphunzitsi nawo anafunsidwa kuti chilichonse cha zinthu zija amachichita mowirikiza bwanji. Atayerekeza mayankhowo ndi zimene zinali pa mapepala aja, anapeza kuti zimene aphunzitsi ankanena za iwo eni zinali kutali ndi zimene ankachitadi. Chokhacho chimene ankachikumbukira molondolerako chinali kulanga ndi kukalipa. Ana, ngakhale aang'onoang'ono, ankamufotokoza mphunzitsi wawo molondola kuposa mmene mwini wake ankadzifotokozera.

Sindikhulupirira kuti aphunzitsi amenewa ankanama. Ambiri anali makolo ongodzipereka, obwera ku bwalo ataweruka ku ntchito. Vuto n'lakuti munthu amakumbukira cholinga chimene chinali mumtima mwake, osati mawu amene anatuluka pakamwa. Amene amawakonda ana amaganiza kuti chikondicho chikuonekera chokha, choncho akafunsidwa amayankha ndi mtima wonse kuti amayamikira kawirikawiri. Kukalipa amakukumbukira chifukwa kumamutenthetsa iye mwini. Koma kukhala chete pamene mwana wamanyazi wapatsira mpira bwino koyamba m'sabata yonse sikusiya chipsera pa mphunzitsi, ndiye angakukumbukire bwanji?

Panatulukanso zina zoyenera kuzisinkhasinkha. Mawu okalipa ndi olanga anali ochepa, pafupifupi 3 pa 100 alionse a zimene zinachongedwa, komabe ndiwo anali ndi mphamvu kuposa china chilichonse pa mmene ana ankamuonera mphunzitsi wawo. Kupambana kapena kugonja kwa timu sikunali ndi gawo lenileni pa nkhani yoti ana amukonde mphunzitsi kapena afune kubwererako. Ndipo ana amene ankakhudzidwa kwambiri, pa zabwino ndi pa zoipa zomwe, anali aja odzikayikira kale, amene amafika pa bwalo akudziona kuti sangathe kanthu.

Smith ndi Smoll atadziwa zonsezi m'pamene anakonza maphunziro a aphunzitsi, ndipo zotsatira zake zoyamba anazisindikiza mu 1979. Anali maphunziro aafupi, osapitirira maola atatu. Aphunzitsi ankauzidwa kuti aziyamikira khama osati zigoli zokha, kuti mwana akalakwitsa azimulimbikitsa kaye kenako n'kumusonyeza chochita, komanso kuti masewero akatha azikhala pansi n'kudzilembera mmene alankhulira tsikulo. Kafukufuku wina wa mu 1992, amene anachita pamodzi ndi Nancy Barnett, anatsatira ana mpaka chaka chinacho. Mwa ana amene aphunzitsi awo sanachite maphunzirowo, 26 pa 100 alionse anasiya masewero. Mwa amene aphunzitsi awo anaphunzira, anasiya 5 okha pa 100 alionse. Matimu a mbali ziwirizi sankasiyana kwenikweni pa kapambanidwe, choncho sitinganene kuti anawo anatsalira chifukwa cha zikho.

Chimene ndimachilemekeza pa ntchito imeneyi ndi ndondomeko imene anatsata. Anayamba n'kuonerera, kenako anafunsa ana, ndipo kulangiza kunabwera pomalizira. Akatswiri ambiri amene alowapo m'matimu ngati alangizi anayambira kumapeto, ndipo zinawavuta ngakhale anali anzeru.

Coleman Griffith, amene ambiri amamutenga ngati tate wa maphunziro a za maganizo a osewera ku America, anatsegula malo ofufuzira za maganizo a osewera pa yunivesite ya Illinois mu 1925, ndipo chaka chotsatira anatulutsa buku lonena za ntchito ya mphunzitsi wa masewero. Malowo anatsekedwa mu 1932. Mu 1938 Philip Wrigley, mwini kampani ya chingamu yemwenso anali mwini timu ya baseball ya Chicago Cubs, anamulemba ntchito kuti athandize timuyo. Griffith anafika ku kampu yokonzekera ligi pa chilumba cha Santa Catalina ali ndi makamera ojambula mmene osewera akuponyera ndi kumenyera mpira, komanso zida zoyezera changu chawo. Zambiri zimene anaona zinali zoona. Anaona kuti pa tsiku lonse la kampu, nthawi imene osewera ankachita zinthu zothandizadi pa masewero sinkakwana ola limodzi, ndipo ankafuna kuti pokonzekera azisewera ndi liwiro lofanana ndi la tsiku la mpikisano. Lero mphunzitsi aliyense wophunzira angavomere zimenezi. Koma mphunzitsi wa timuyo, Charlie Grimm, sanamuitane munthu ameneyu. Anangomuona atafika, wotumidwa ndi bwana, akulemba malipoti opita kwa bwana yemweyo. Grimm anamunyoza ndipo anafooketsa osewera kuti asamagwirizane naye. Pakati pa chaka Grimm anachoka pa udindo, m'malo mwake munalowa Gabby Hartnett, koma naye sanamutsegulire khomo. Timuyo inapambana ligi yake chaka chimenecho popanda kutsatira malangizo a Griffith, ndipo pofika 1940 ntchito yake inali itatha.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti wochokera kunja amaona zimene eni malo anazizolowera. Koma mlendo amene walowera kwa mwini timu, osadzera kwa mphunzitsi, amaoneka ngati kazitape ngakhale zolinga zake zikhale zabwino. Grimm ankadziwa kuti lipoti lililonse lonena kuti zokonzekera zikuyenda molobodoka linali lipoti lonena za iye. Sindinganene kuti anachita bwino kumunyoza katswiriyo, koma mantha ake ndimawamvetsa. Ntchito ya mphunzitsi wa timu imatha tsiku lililonse, ndipo munthu amene akuopa kuchotsedwa samva malangizo.

Nkhani ina yotchuka ndi ya João Carvalhaes, katswiri wa za maganizo amene anatsagana ndi timu ya Brazil ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse ku Sweden mu 1958. Anawalembetsa osewera mayeso a pa pepala, kuphatikizapo kujambula chithunzi cha munthu. Malinga ndi mmene Pelé anadzafotokozera pambuyo pake, katswiriyu analangiza kuti Pelé, amene anali ndi zaka 17, anali wachibwana ndipo asasewere, komanso anamukayikira wosewera wina, Garrincha. Mphunzitsi Vicente Feola sanamvere. Anawalowetsa onse awiri pa masewero achitatu, olimbana ndi Soviet Union, ndipo Brazil inatenga chikhocho itagonjetsa Sweden 5-2, Pelé atagoletsa zigoli ziwiri pa masewero omalizawo. Anthu amakonda kuifotokoza nkhaniyi pofuna kusonyeza kuti akatswiri a za maganizo alibe ntchito mu mpira. Ine ndimaonamo china. Carvalhaes analakwitsa chifukwa anafuna kuweruza munthu wa pa bwalo pogwiritsa ntchito pepala la m'chipinda, pamene Feola anali atawaona anyamatawo ali ndi mpira kuphazi.

Komabe kuonerera ndi kuchonga nako kuli ndi malire ake, ndipo amene anasonyeza bwino zimenezi ndi ofufuza awiri, Roland Tharp ndi Ronald Gallimore. M'chaka cha masewero cha 1974 mpaka 1975 iwo analoledwa kukhala pa zokonzekera za John Wooden, mphunzitsi wa basketball pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, amene chaka chomwecho anatenga chikho chake cha nambala 10 cha mayunivesite a ku America m'zaka 12, n'kupuma pa ntchito. Ankayembekezera kumva mawu otenthetsa mtima ndi kuyamikira kochuluka. Pa zinthu 2,326 zimene analemba, theka linali malangizo wamba a chochita ndi kachitidwe kake. Kuyamikira kunali pafupifupi 7 pa 100 alionse, kudzudzula nakonso chimodzimodzi. Wooden sankaimitsa anyamata kuti awalalikire. Mawu ake anali aafupi, nthawi zambiri osapitirira masekondi 20. Mnyamata akalakwitsa, mkuluyu ankamusonyeza ndi thupi lake kachitidwe koyenera, kenako n'kutsanzira mmene mnyamatayo wachitira, n'kubwerezanso kachitidwe koyenera kaja, zonsezi m'kanthawi kochepa, mpira n'kupitirira.

Zimene anapezazo anazisindikiza mu 1976, ndipo zinawerengedwa kwambiri. Koma mu 2004 awiriwa anabwereranso pa ntchito yawo yakaleyo, atacheza ndi Wooden mwini ndi ena mwa osewera ake, n'kulemba kuti mbali yaikulu inawadutsa. Mawu aafupi aja sankangotuluka mwamwayi. M'mawa uliwonse Wooden ankakhala pansi ndi omuthandizira ake kwa maola pafupifupi awiri kukonza zimene zichitike masana, mphindi ndi mphindi, n'kuzilemba pa timakadi toika m'thumba. Zokonzekera zikatha ankalembapo zimene zayenda ndi zimene zakanika, n'kusunga kuti adzayerekeze chaka chamawa. Anawauzanso kuti kuyamikira kwake sankakugawa mofanana: ankayesetsa kuyamikira pagulu anyamata okhala pa benchi, poti osewera otchuka ankayamikiridwa kale ndi manyuzipepala ndi ochemerera. Pepala la ofufuza aja linawerengera bwino kuchuluka kwa mawu, koma silikanatha kudziwa chifukwa chimene mawuwo ankanenedwera kwa uyu osati kwa uyo. Zimenezo zinafunika kumufunsa mwini wake.

Ndikaika nkhani ziwirizi pamodzi, ya ana a ku Seattle ndi ya Wooden, ndimaona kuti mphunzitsi ndi wofufuza aliyense ali ndi theka la nkhani. Mphunzitsi amadziwa chimene akufuna kuchita koma samva mmene chikutulukira. Wofufuza amamva mmene chatulukira koma sadziwa kumene chachokera. Jean Côté wa ku Canada ndi Wade Gilbert wa ku California analemba mu 2009 kuti mphunzitsi waluso amafunika nzeru za mitundu itatu: kudziwa masewerowo, kudziwa kukhala ndi anthu, ndi kudzidziwa yekha. Maphunziro ambiri opereka ziphaso amalimbikira mtundu woyamba chifukwa ndi wosavuta kuuphunzitsa m'kalasi ndi kuuyesa pa mayeso. Munthu akhoza kujambula pa bolodi mmene osewera anayi akumbuyo ayenera kuimira, n'kukhoza bwino, koma palibe funso la pa mayeso limene lingamuuze kuti amatchula mayina a osewera atatu okha tsiku lonse. Ofufuza a ku Britain, Chris Cushion, Kathleen Armour ndi Robyn Jones, anasonyeza mu 2003 kuti aphunzitsi amaphunzira zambiri kuchokera pa zimene akumana nazo pa bwalo ndi kwa aphunzitsi anzawo kusiyana ndi m'kalasi. Izi zili ndi ubwino wake. Colm O'Connell, m'bale wachikatolika wa ku Ireland, anafika pa sukulu ya St Patrick's ku Iten m'dziko la Kenya mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe, asakudziwa za mpikisano wothamanga, ndipo anaphunzira poonerera ndi kumvetsera anyamata ake mpaka anadzaphunzitsa David Rudisha, amene anaswa mbiri ya dziko lonse pa mamita 800 ku London mu 2012. Koma kuphunzira kwa amene anatitsogolera kumatanthauzanso kutengera zizolowezi zawo zonse osasankha, ndi zoipa zomwe. Wolalatiridwa ali mwana amadzalalatiranso ana a ena akuganiza kuti ndiyo ntchito.

Kumene zimenezi zimafika ngati palibe wofunsa ana kunaoneka ku Britain. Lipoti la loya Anne Whyte, limene linatuluka mu 2022 atalandira maumboni oposa 400, linafotokoza mmene ana ochita masewero a gymnastics pakati pa 2008 ndi 2020 ankanyozedwera chifukwa cha kulemera kwa thupi, kukakamizidwa kupitiriza atavulala, ndi kuopa kulankhula. Izi zinkachitika m'zaka zomwe dzikolo linkatenga mamendulo pa masewerowa kuposa kale, ndipo aphunzitsi ake anali ndi ziphaso. Apa m'pamene funso loti mlangizi wa za maganizo akugwirira ntchito ndani limakhala lolemera. Amamulipira ndi bungwe kapena mwini timu, amagwira ntchito pambali pa mphunzitsi, koma amene amamuululira zakukhosi ndi wosewera. Wosewera akanena kuti amachita mantha pomenya penate, mawa lake n'kudzipeza ali pa benchi, palibenso mnzake amene adzatsegule pakamwa. Mlangizi wabwino amagwirizana ndi onse atatu asanayambe ntchito kuti ndi ziti zimene adzanena ndi ziti zimene zidzathera m'chipindamo, ndi kuti zokhudza nkhanza kwa mwana sadzazibisa kwa aliyense.

Zonse zimene ndatchulazi zinafufuzidwa kutali ndi kuno ku Malawi, ndipo tiyenera kuziwerenga tikudziwa zimenezo. Jeffrey Arnett atasanthula magazini asanu ndi imodzi akuluakulu a maphunziro a za maganizo mu 2008, anapeza kuti magulu 68 pa 100 alionse a anthu ofufuzidwa anali a ku America, pamene a ku Africa sanakwane ndi limodzi lomwe pa 100. Mfundo yoti mphunzitsi sadzimva polankhula ndikhulupirira kuti ndi yoona kulikonse kumene kuli anthu. Koma njira yoifufuzira singasamuke mmene ilili. Mwana wa ku Malawi amaleredwa kuti asamayankhe wamkulu ndiponso asamamunenere zoipa kwa mlendo. Munthu wachilendo atafika pakhomo ndi pepala, makolo ali pakhonde pomwepo, n'kufunsa kuti, "Kodi a kochi amakukalipirani?", mtsikana wa timu ya mpira wa manja adzayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Ayi, amangotilangiza." Wofufuza akalemba yankho limenelo mmene lilili ndiye kuti wabwerera chimanjamanja. Pamafunika wofunsa wa msinkhu woyandikana ndi anawo, kuwafunsa ali pagulu la okhaokha, ndi kufunsa mozungulira: ndani amene anasiya kubwera, anasiya liti, tsiku limenelo kunachitika chiyani.

Magulu 12 aja nawo sakwanira kufotokoza mphunzitsi wa kuno. Aphunzitsi a matimu akuluakulu a mpira wa miyendo amatenga ziphaso za bungwe la mpira la mu Africa la CAF kudzera ku bungwe la mpira la m'dziko muno la FAM, koma ana ambiri amayambira m'manja mwa mphunzitsi wa ku pulayimale amene wapatsidwa timu ya sukulu, kapena mkulu wina wa m'dera amene anasewerapo kale. Munthu ameneyu ndi yemwenso amasaka jezi, amalipira minibasi ndi ndalama ya m'thumba mwake, amakapepesa kwa makolo mwana akafika kunyumba kutada, ndipo maliro akagwa kwa wosewera amapita ndi timu yonse. Mawu okalipa ochokera kwa munthu wotere mwina salasa mofanana ndi a munthu amene mwana amangokumana naye kawiri pa sabata. Mwinanso amalasa kwambiri, poti akuchokera kwa munthu amene mwanayo amamutenga ngati bambo ake. Funso limeneli silingayankhidwe ndi mabuku a ku Seattle, ndipo kuliyankha sikufuna makina odula. Wophunzira wa pa yunivesite mmodzi, kope, cholembera ndi foni yojambulira mawu n'zokwanira, bola akhale ndi mtima wobwera pa bwalo lomwelo kwa miyezi mpaka anthu atasiya kumuona ngati mlendo.

Akatha kuchonga, pepalalo liyambe lafika kwa mphunzitsi mwini wake, awiriwiri, ndipo wofufuzayo afunse asanafotokoze: pamene munakhala chete paja munkaganiza chiyani, mnyamata uja simumutchula dzina pali chifukwa, m'mawa musanabwere munakonza zotani. Mphunzitsi angathe kukana manambalawo poyamba, monga mmene aliyense amakanira mawu ake akawamva pa foni koyamba, ndipo apatsidwe nthawi yoti akamvetserenso kunyumba. Akomiti ya timu adikire kaye. Pepalalo likayambira kwa iwo, mphunzitsi wotsatira sadzalolanso munthu wa cholembera kukhala pafupi ndi benchi yake.